Pakamwa nkhani imatuluka bwino, koma pa pepala mizere isanu ndi iwiri yokha

Nabanda (mphunzitsi wa Chichewa, Mulanje):
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino, ndiye ndati ndiitule kwa inu aphunzitsi anzanga ndi makolo omwe.

M'kalasi langa la Fomu 3 muli mtsikana wina, dzina ndisunga. Lachiwiri ndinauza ana kuti aliyense aimirire afotokoze tsiku lomwe sadzaliiwala. Mwanayu anafotokoza za usiku womwe madzi analowa m'mudzi mwawo nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023. Kalasi lonse linangoti zii. Anakamba momwe agogo ake anakanira kutuluka m'nyumba chifukwa cha mbuzi zawo ziwiri, momwe iye anaberekera mng'ono wake ndi chitenje chonyowa, ndi fungo la matope m'tchalitchi momwe anakagona. Ineyo misozi inalengeza m'maso.

Lachinayi ndinati nkhani yomweyo ailembe ngati chimangirizo, mawu osachepera 350, mphindi 40. Ndinaima chapafupi kumuyang'ana. Bolopeni amaigwirira kunsonga kwenikweni, zala zonse zitaunjikana, ndipo amadinikiza mpaka malembo kudindika pa masamba atatu apansi. Akalemba mawu awiri aima, awongola zala, afufuta, ayambiranso. Pomwe belu limalira anali atalemba mizere isanu ndi iwiri. Mbuzi mulibe, agogo mulibe, chitenje mulibe. Zina mwa zomwe zinatsala ndi izi: "Kunagwa vula yambili. Tinathawa. Zinali zovesa chisoni."

Ndiye ndithandizeni maganizo. Nzeru ali nazo, nkhani ali nayo, chiyankhulo ndi chake chomwe. Nanga nkhaniyo ikutayikira pati pakati pa mutu ndi kope? Kodi dzanja ndi kalembedwe ka mawu zingamange mwana wa zaka 16 chonchi?

aPhiri a ku Ndirande:
Madamu, mwangokhala ngati mukunena za mwana wanga wachiwiri. Kunyumba kuno akayamba kufotokoza za mpira simungamudule. Koma kope lake la English mukaliona ngati mwapalasa nkhuku. Ine ndimangoti ndi ulesi.

Nabanda:
Ayi bambo, uyu waulesi sali. Thukuta linali kamukamu pamphumi.

Agogo aMwale (mphunzitsi wopuma):
Mwana wanga Nabanda, zimene waonazo ndinaziona zaka zambiri. Ine ndinaphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 nthawi yaitali. Kale mwana asanagwire pensulo ankayamba walemba m'malere ndi chala, kenako pa mchenga panja, kenako pa sileti. Tinkatha masabata tikungojambula timizere, tizingerezingere, tindodo toimirira ndi togona, lembo lisanalembedwe ndi limodzi lomwe. Mphunzitsi ankazungulira, kugwira dzanja la mwana aliyense ndi kumuonetsa poyambira lembo ndi pothera. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino ndithu, ana a amphawi analowa sukulu. Koma kalasi langa linadzaza mpaka pakhomo, ndipo kugwira dzanja la mwana aliyense kunathera pomwepo. Mwana akazolowera kugwira pensulo molakwika ali ndi zaka 6, amafika nako ku Fomu 3 kagwiridwe komweko.

aChirwa (wophunzitsa aphunzitsi):
Agogo anena zoona, ndipo ndiwonjezerepo pang'ono chifukwa nkhaniyi akatswiri anaifufuza kwambiri. Mayi wina wa ku University of Washington ku America, Virginia Berninger, pamodzi ndi anzake monga Steve Graham, anaonetsa kuti kulemba nkhani kuli ndi ntchito ziwiri zomwe zimalimbirana mutu umodzi. Ina ndi kupeza maganizo ndi kuwasanja bwino. Inayo ndi kuwatsitsira pa pepala, kutanthauza kuumba malembo ndi dzanja komanso kukumbukira kuti mawu akutiwa amalembedwa bwanji. Malo omwe munthu amasungirapo zimene akuganiza pa nthawi imodzi ndi ochepa. Ngati dzanja ndi sipelo sizikuyenda zokha, zimadya malo onsewo, ndipo maganizo amagwa m'njira.

Taganizirani kamtsikana komwe kangoyamba kumene kusenza ndowa kuchokera ku mjigo. Manja onse awiri ali pa ndowa, khosi lauma gwa, maso ali pansi. Mukakafunsa kuti kwanu kwacha bwanji sikangayankhe, madzi angatayike. Koma mayi ake ndowa ili pamutu, mwana kumsana, akucheza, akulonjera odutsa, akuwerengera za ndiwo zamadzulo. Mtsikana wanuyo, madamu, akadali pa kugwira ndowa ndi manja awiri. Poti aziganiza kuti "mvula" amayamba ndi m kapena v, agogo ndi mbuzi zawo apita kale.

Nangozo:
Eee aChirwa, apa ndiye mwanditsegula maso.

Achimwene a pa Area 25:
Pepani akuluakulu, ine ndili ndi maganizo osiyana. Masiku ano ndani akulembabe ndi dzanja? Kuntchito kwathu zonse ndi pa kompyuta, ukalakwitsa sipelo imakulembera mzere wofiira pansi. Tisavutitse ana ndi zinthu zakale. Aphunzire kutayipa basi.

Nabanda:
Achimwene, ndikumvetsa, koma mayeso a MANEB mwana amalemba ndi bolopeni pa pepala, kuyambira a Sitandade 8 mpaka a MSCE. Pasukulu pathu magetsi palibe. Ndipo kompyuta yanuyo mzere wofiira imalemba pa Chingerezi. Mukatayipa Chichewa imafiiritsa tsamba lonse, cholondola ndi cholakwika chomwe.

aChirwa:
Komanso kutayipa nako ndi ndowa yomweyo. Mwana wofunafuna lembo lililonse pa kiyibodi ndi chala chimodzi amataya maganizo chimodzimodzi.

Achimwene a pa Area 25:
Apo ndavomera. Koma ndikanenabe kuti ena amalemba mokongola ngati makina koma zolembazo zilibe mutu.

Agogo aMwale:
Zimenezo ndi zoona mwana wanga, ndipo pamenepa ife akale tinalakwitsapo. Tinkatamanda kukongola kwa malembo kuposa china chilichonse. Ndikukumbukira mnyamata wina wamanzere yemwe mphunzitsi mnzanga ankamumenya ndi rula pa mfundo za zala kuti alembere kumanja. Mwana uja anafika polemba bwino ndithu ndi dzanja lamanja, malembo oima ngati asilikali, koma pang'onopang'ono kwambiri, ndipo mayeso aliwonse nthawi inkamuthera asanafike pakati. Mpaka lero mtima umandipweteka kuti sindinamuyankhulire. Chofunika si kukongola ayi. Malembo aziwerengeka, ndipo azituluka mwachangu mwana osawaganizira.

Nasibeko (wochonga mayeso):
Ndiyankhuleko monga munthu amene wachonga mapepala a ana ochuluka. Pali mbali ziwiri zomwe tisazisokoneze. Mbali yoyamba ndi yomwe aChirwa afotokoza, yoti mwana amalephera kutulutsa zimene zili m'mutu. Yachiwiri ili kwa wowerengayo. Wochonga ndi munthu. Pofika madzulo wawerenga zimangirizo zambirimbiri, maso atopa. Akapeza pepala lomwe a ndi o sizikusiyana, n ndi u zangofanana, mawu atatu aphatikizana ngati amodzi, amayesetsa ndithu, koma chomwe sichikuwerengeka sangachipatse malikisi. Ndaonapo pepala lomwe nditalibwereza kachitatu ndinapeza kuti muli mfundo zakupsa kuposa mapepala ena onse a tsiku limenelo. Ndinadzifunsa kuti ndikanakhala pa changu zikanatha bwanji.

Ndiye pa Chichewa pali zolakwika zina zomwe zimasintha tanthauzo lenileni. Mwana analemba kuti "mbale wanga anasweka mtima," pomwe amafuna kunena m'bale. Wina "anaimba ngoma usiku wonse," koma ngoma ndi nyama ya m'tchire, yoimba ija ndi ng'oma. Kankhodolero kamodzi kokha. Enanso "zina langa" m'malo mwa dzina, "samba la fodya" m'malo mwa tsamba, "anaphika pala" m'malo mwa phala. "Thawi," "khani," "siku," "ziko," izi ndiye zili ponseponse.

aPhiri a ku Ndirande:
Zimenezo ndi mafoniwa! Mwana wanga amandilembera "bwnj dad, ndfka mawa, zkm." Ndiye akalowa m'kalasi alemba bwanji zolongosoka?

Nangozo:
Bambo Phiri, ine foni sindingainamizire zonse. Ndimaphunzitsa kumudzi kwenikweni komwe ana ambiri foni sanaigwirepo, koma "thawi" ndi "khani" amalemba ndithu. Amalemba momwe amatchulira. Tamverani achinyamata akuyankhula masiku ano, n wa kumayambiriro uja sakumvekanso, ts wasanduka s, dz wasanduka z. Munthu amadziwa maonekedwe a mawu chifukwa chowaona kawirikawiri atalembedwa bwino. Nanga ana athuwa amawaona kuti? Buku limodzi ana asanu ndi atatu, nyuzipepala safika, laibulale ndi kabati yokhoma mu ofesi ya ahedi. Wanga wa kunyumba amafupikitsa mawu pa WhatsApp ngati anzake onse, koma chifukwa amawerenga Baibulo ndi agogo ake madzulo aliwonse, m'kope salakwitsa.

aPhiri a ku Ndirande:
Mwina muli ndi mfundo mayi. Kwathu kuno buku lomwe lilipo ndi la nyimbo basi.

Nabanda:
Pa za l ndi r ndiye ndimabwereza chaka ndi chaka. Lamulo lake ndi losavuta: r amatsatira i kapena e, monga mbiri, kulira, ndere, pomwe l amabwera koyambirira kwa mawu kapena motsatira a, o ndi u, monga lero, mbalame, kolola, mbuli. Pali mawu ena opatuka monga ndili ndi tili. Ana akangolimva bwino lamuloli, theka la mizere yofiira m'makope limatha. Koma ambiri amafika ku sekondale asanauzidwepo.

aZulu a ku Mchinji:
Kuno kumalire tili ndi zathunso. Ana ena anayambira sukulu ku Chipata, ndipo ku Zambia amalemba c pomwe ife timalemba ch: cabwino, cakudya, Cinyanja. Mwana sanalakwe, anaphunzitsidwa choncho. Ndimangomuuza kuti mayeso a kuno akufuna ch, ndipo pakatha teremu amazolowera.

Namwino wa ku Leeds:
Moni kumudziko. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhaniyi yandikhudza chifukwa ndadutsamo. Mnyamata wanga ali ndi zaka 15. Aphunzitsi ake kuno ku England anaona kuti m'kalasi amayankha bwino koma zolemba zake ndi zazifupi ndiponso zosawerengeka. Anamuyeza liwiro la kulemba ndi dzanja, kukopera chiganizo, kulemba alifabeti, kulemba nkhani yakeyake kwa mphindi khumi, ndipo anapeza kuti ali m'mbuyo kwambiri poyerekeza ndi amsinkhu wake. Pali ana ena omwe vuto lawo ndi lobadwa nalo, amalitcha dysgraphia likakhala la dzanja, dyslexia likakhala la kuwerenga ndi sipelo. Si umbuli ndipo si ulesi. Kuno mwana wotere akhoza kuloledwa kulembera mayeso a GCSE, omwe ndi a ku sekondale kuno, pa laputopu kapena kuwonjezeredwa nthawi. Ndipo musaganize kuti Angerezi sipelo anaitaya: pa mayeso a English Language, malikisi 20 pa 100 aliwonse ali pa sipelo, zizindikiro za m'kalembedwe ndi kaumbidwe ka ziganizo.

Chomwe chinandipweteka ine ndi chakuti kwa zaka zitatu ndinkamukalipira mwanayu kuti sakulimbikira. Tsiku lina anandiuza akulira kuti, "Amayi, ndimadziwa mawu abwino, koma ndimasankha aafupi omwe sindingalakwitse." Madamu Nabanda, yang'ananinso mizere isanu ndi iwiri ija. Mwina mtsikana wanuyo akuchita zomwezo.

Nabanda:
Asisi, mwandilasa mtima. Ndatsegulanso kope lija pompano. Pali pomwe anayamba kulemba "anakakam" kenako anafufuta ndi kulemba "anakana." Amafuna kunena kuti agogo anakakamira m'nyumba. Penanso "tinasamu" wafufuta, walemba "tinapita." Ndiye kuti mawu akuwadziwa, akuwathawa dala.

Nasibeko:
Zimenezo ndiye zimapha chimangirizo. Wochonga amaona ngati mwana ali ndi mawu ochepa, chikhalirecho akuopa bolopeni yofiira. Pa Chingerezi ndiye zimanyanya, chifukwa sipelo yake siyenda ndi katchulidwe. Zonse zimangokhala "good," "bad," "went." Ndipo tisaiwale kuti popanda kukhoza English satifiketi ya MSCE mwana sapata, ngakhale atakhoza bwanji masamu.

Nangozo:
Palinso china chomwe sitinachitchule. Ana athu amalemba kwambiri, tsiku lonse, koma amalemba chiyani? Manotsi a pa bolodi. Poti mabuku ndi ochepa, mphunzitsi amadzaza bolodi, mwana akopera lembo ndi lembo, mutu uli kwina. Kukopera si kupeka. Pa teremu yonse mwina amalemba nkhani yochokera m'mutu mwake kawiri kokha, chifukwa mphunzitsi wa ana 90 akaganiza zochonga zimangirizo 90 amagwa ulesi. Ine ndemwe ndimachita mantha ndikaona mulu wa makope. Kuwonjezera apo ambiri kupulayimale anakulira kulembera pa bondo atakhala pansi. Dzanja lingaphunzire bwanji kuyenda momasuka kope likugwedera pa mwendo?

aZulu a ku Mchinji:
Komanso muziwayang'ana maso. Wina kwathu ankalakwitsa sipelo iliyonse, kumuika kutsogolo zinasintha. Bolodi sankaliona bwino.

aPhiri a ku Ndirande:
Chabwino, vuto talimva. Nanga ife makolo tichite chiyani? Wanga ali Fomu 2, kodi nthawi sinathe kale?

aChirwa:
Sinathe bambo. Yambani ndi kudziwa pomwe pali vuto. Berninger uja ankagwiritsa ntchito kayeso kosavuta: mwana alembe alifabeti kuchokera m'mutu, motsatana, m'malembo aang'ono, mwachangu koma mowerengeka, ndipo mumawerenga malembo omveka bwino omwe walemba m'masekondi 15 oyambirira. Kunyumba mukhoza kumupatsa mphindi imodzi yathunthu, nkuyerekeza ndi anzake awiri atatu a kalasi lomwelo. Mukaona akuima kuganizira kuti g kapena q amapindikira kuti, dziwani kuti dzanja likadali kudya maganizo.

Mankhwala ake si kumulembetsa masamba khumi ngati chilango, kumeneko ndi kumudanitsa ndi bolopeni. Mphindi zisanu kapena khumi patsiku zikwana. Sankhani malembo ochepa omwe amamuvuta, aone momwe amaumbidwira, abise, alembe kuchokera m'mutu. Kenako akopere chiganizo chimodzi mobwereza kwa mphindi zitatu, awerenge yekha mawu omwe wakwanitsa, mawa ayese kupitirira pamenepo. Pa sipelo, tengani mawu m'zolakwitsa zake zomwe, asanu pa sabata, osati mndandanda wa m'buku.

Agogo aMwale:
Ndipo lembetso libwerere. Kale linali la sabata iliyonse. Mphunzitsi awerenga kandime, ana alemba, kenako asinthana makope ndi kuchongerana poyang'ana pa bolodi. Mphunzitsi sanyamula mulu kupita nawo kunyumba. Pa Chichewa muziwagawira mawu m'maphatikizo mokweza, a-na-ka-ka-mi-ra, akuomba m'manja. Mawu athu ndi aatali koma ndi okhulupirika, ukawatchula bwino amadzilemba okha.

Za kudinikiza kuja, mwana wanga, umupatse pensulo m'malo mwa bolopeni kwa masabata angapo. Akadinikiza kwambiri nsonga ithyoka, dzanja liphunzira lokha kufewa. Agwirire chapamwamba pang'ono, zala zitatu, kope alipendeketse.

Namwino wa ku Leeds:
Chomwe chinathandiza wanga ndi kulekanitsa ntchito ziwirizo. Poyamba alembe nkhani yonse osasamala sipelo, mawu omwe akukayikira angowazunguliza. Akamaliza ndiye abwerere kukakonza. Atangodziwa kuti palibe womudzudzula pa ulendo woyamba, mawu aatali aja anayamba kutuluka.

Achimwene a pa Area 25:
Ndiye foni ija ikhoza kugwirako ntchito apa. Mujambuleni mawu akufotokoza nkhaniyo pakamwa, kenako azimvetsera pang'onopang'ono akulemba. Maganizo sangathawenso chifukwa asungidwa.

Nasibeko:
Maganizo abwino achimwene, bola asazolowere, chifukwa m'chipinda cha mayeso foni kulibe. Kumeneko chomusungira maganizo ndi kapulani ka mawu ochepa pamwamba pa pepala: mbuzi, agogo, chitenje, tchalitchi. Mphindi zitatu zokha, kenako azichonga mfundo iliyonse akailemba.

Nabanda:
Zikomo nonse, ndalemba zonsezi. Ndiyamba Lolemba ndi kalasi lonse kuti mwanayu asaoneke ngati wasankhidwa yekha.

Nabanda:
Ndabweranso patatha masabata anayi, poti ena munandifunsa kumbali. Phunziro lililonse tikumayamba ndi mphindi zisanu za dzanja, ndipo Lachisanu ndi lembetso lochongerana. Tsiku loyamba la alifabeti ndinapeza kuti si mtsikana uja yekha. Anyamata anayi anaima pa j osadziwa chotsatira mpaka ataimba kanyimbo ka ku Sitandade 1 chamumtima.

Mtsikana uja ndinamujambula mawu pa foni yanga nthawi yopuma, tili awiri pansi pa mtengo wa mango. Analemba nkhaniyo masiku atatu, ndi pensulo, yomwe inathyoka kanayi tsiku loyamba. Yakwana tsamba limodzi ndi theka. Mawu ozungulizidwa alipo 23, ndipo "vula" akadalembabe choncho. Koma agogo abwerera m'nkhani, ndipo pali chiganizo ichi chomwe ndakopera momwe anachikonzera yekha: "Agogo anakakamira pakhomo atagwira chingwe cha mbuzi, madzi ali m'mawondo, mpaka amalume anawanyamula ngati mwana." Chimangirizo cha mphindi 40 sanachikwanitsebe, dzulo anafika mawu 190 belu nkulira.

Agogo aMwale, timapepala ta timizere ndi tizingerezingere tija, ngati mukadasunga, mungandijambulire pa foni? Ndikufuna ndiyese ndi anyamata anayi aja sabata yamawa.

Agogo aMwale:
Tili m'sutikesi mwana wanga. Mdzukulu wanga akaweruka kusukulu masana ano ndimuuza ajambule, akutumizira madzulo.